Za Matenda a Edzi ndi Ciwerengero ca Anthu m'Dziko Lathu

(Awa ndi mau amene mthandizi wa ku Ofesi Yofalitsa Nkhani analankhula pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi. Tawasindikiza kuti amene sanafikeko awerenge, ndi kuwerengeranso anzao amene sadziwa kuwerenga.)

Ndikuthokozani kuti mwasiya makasu anu m'mawa uno ndi kudzakhala pansi pano kuti mumve mau a mwana. Ndine mwana ndithu, pakuti ambiri a inu munali pa banja kale pamene ine ndinali kubadwa, ndipo zambiri zimene nditi ndinene inu munaziona ndi maso, pamene ine ndangoziwerenga m'mabuku a Boma. Cifukwa cace mundikhululukire ngati pena ndikhudza pa bala.

Nkhani imene ndatumidwa ndi ya matenda a Edzi. Sindinabwere kudzakuuzani kuti matendawa aliko ai, pakuti manda a m'mudzi muno anakuuzani kale. Ndabwera ndi funso limodzi limene mphunzitsi wina anandifunsa mwezi wathawu, ndipo pa nthawiyo ndinasowa coyankha. Iye anati: "Zaka 20 zapitazo tinali kumva pa wailesi kuti anthu okhala ndi kacirombo ka HIV m'Malawi muno ali pafupi miliyoni imodzi. Lero tirikumvabe kuti ali pafupi miliyoni imodzi. Nanga mankhwala onsewa ndi ndarama zonsezi zagwira nchito yanji?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiyesa kuti ambiri muli nalo m'mtima. Ciwerengero cimene mphunzitsiyo anachula ndi coona. Cimene cifunika ndi kudziwa kawerengedwe kace.

Tiyerekeze kuti a Mfumu ali ndi buku lalikuru, longa kaundula wa mudzi, m'mene alemba dzina la munthu ali yense amene watenga kacirombo. Buku limeneli liri ndi lamulo limodzi lowawa: dzina likalembedwa silifafanizidwa kufikira mwini wace atamwalira, pakuti mankhwala ocotseratu kacirombo m'thupi sanapezekebe. Mankhwala amene tiri nao amakagonetsa cabe, sakapha. Tsono bukulo liri ndi manja awiri ogwira nchito, dzanja lolemba maina atsopano ndi dzanja lofafaniza maina a akufa. Mukamva kuti maina acepa, musafulumire kuomba m'manja. Yambani mwafunsa ngati acepa cifukwa olembedwa ndi ocepa, kapena cifukwa akufa ndi ambiri. Mukamvanso kuti maina sanacepe, musafulumire kudandaula, pakuti kapena tanthauzo lace ndi lakuti anthu amene tikadawaika m'manda akali moyo ndipo alikupalira minda yao. Zaka 20 zapitazo manja onse awiri anali kuthamanga, lina kulemba, lina kufafaniza, ndipo maina anaima pa miliyoni. Lero manja onse awiri afatsa, ndipo maina aimanso pa miliyoni. Ciwerengero ndi cimodzi, koma nkhani zace ndi ziwiri.

Tiyambe ndi dzanja lolemba. Madokotala a ku America anazindikira matendawa m'caka ca 1981, ndipo m'caka ca 1983 akatswiri a ku Paris anapeza kacirombo kace. Kuno kwathu munthu woyamba kudziwika kuti alikudwala Edzi anapezeka m'caka ca 1985. Ndirikunena kuti kudziwika, cifukwa kacirombo kameneka kamakhala m'thupi nthawi yaitali, kawiri kawiri zaka 8 kapena 10, munthu ali wonenepa bwino ndi kugwira nchito zace, asanayambe kudwala. Ndiye kuti pamene woyambayo anagona m'cipatala, kacirombo kanali katayenda kale mtunda wautali mwa kacetecete.

Liwiro lace linaoneka bwino pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene anali kupima magazi a amai oyembekezera obwera ku sikelo. M'caka ca 1985, pa amai 100 ali onse, awiri okha ndiwo anapezeka nako. Pofika caka ca 1996 anali pafupi 33, ndiko kunena mai mmodzi pa amai atatu ali onse. Kumeneko ndi m'tauni, ndipo ku midzi sikunafike pamenepo. Koma tauni ndi mudzi si maiko awiri, pakuti wa m'tauni ali yense ali ndi kwao kumene amapita pa chuthi, ndi kumene amamtengera akadwalika. Abambo okalamba amene munagwirako nchito ku migodi ya ku Joni mukumbukira kuti kuyambira caka ca 1988 ulendo wa Theba unaduka. Amalawi ngati 13,000 anabwezedwa kwao m'zaka zotsatira, ndipo cifukwa cimene cinachulidwa cinali cakuti ena mwa iwo, ngati 200, anapezeka ndi kacirombo.

Masiku amenewo nkhaniyi sinali kukambidwa poyera. Anthu anawapatsa matendawa maina ozemba, monga kaliwondewonde, magawagawa, ndi matenda a boma. Pa maliro wolankhula anali kungoti malemu adwala nthawi yaitali. Ena anati ndi kanyera, ena tsempho, ena ufiti, ndipo mabanja ambiri anadana mpaka lero cifukwa ca kulozana zala. M'caka ca 1995 anthu zikwi zambiri anakhamukira ku Machinga kukamwa mcape wa Billy Chisupe, amene ananena kuti analota mankhwala ociritsa Edzi. Ine sindiwaseka anthu amenewo. Sanapite cifukwa ca kupusa, anapita cifukwa ku cipatala kunalibe cowapatsa. Koma maliro sanaleke, ndipo m'zaka zimenezo za kukhala cete ndi m'mene dzanja lolemba linathamanga koposa.

Dzanja lofafaniza linatsatira pambuyo pa zaka ngati khumi. Akatswiri owerengera anena kuti ca m'ma 2003 mpaka 2005 Edzi inali kupha Amalawi oposa 60,000 caka ciri conse. Aphunzitsi gawani ciwerengero cimeneco ndi masiku a pa caka, mupeza maliro oposa 160 pa tsiku limodzi. Amisiri a matabwa ambiri m'matauni analeka kukhoma mipando ndi makama nayamba kukhoma mabokosi.

Koma cimene cinasiyanitsa mliri uwu ndi miliri ina si kucuruka kwa maliro kokha ai, koma anthu amene unawasankha. Cikuku ndi malungo zimatenga makamaka ana ang'ono, ukalamba umatenga nkhalamba, ndipo ngakhale zimawawa, mudzi unadziwa kuyambira kale kukhala nazo. Edzi inatenga a pakati, a zaka 20 mpaka 45, amene ndiwo olima, obala, olera, ndi osunga makolo ao. Ciswe cikadya udzu wa denga mumafolera wina, koma cikadya nsici ndi mzati nyumba yonse imakhala pansi. Ku Karonga, m'midzi ya kufupi ndi Chilumba, kuli akatswiri amene amalemba kubadwa ndi kumwalira kwa munthu ali yense wa kumeneko. Iwo anapeza kuti mankhwala asanafike, pa maliro 10 ali onse a anthu a zaka 15 mpaka 59, maliro 6 anali a Edzi. Ndipo kumeneko ndi Kumpoto, ku midzi, kumene matendawa sanakule ngati Kumwera.

M'mabuku a sukulu muli ciwerengero cina cimene cinena zaka zimene mwana wobadwa lero angayembekeze kukhala ndi moyo. Kuno kwathu zaka zimenezi sizinali zambiri ngakhale kale, koma m'malo mokwera monga m'maiko ena, zinaima ndi kubwerera m'mbuyo, kotero kuti ca m'ma 2000 zinali ngati 45. Sindikunena kuti munthu ali yense anali kufa ndi zaka 45 ai, pakuti nkhalamba zinalipo. Kawerengedwe kace kali monga ka malikisi a m'kalasi: ana angapo akalephereratu, malikisi a kalasi yonse amatsika, ngakhale ena akhoza bwino. Amene anakokera ciwerengeroco pansi ndi anyamata ndi atsikana akufa ndi zaka 30, ndiponso makanda otenga kacirombo kwa amai ao, pakuti popanda mankhwala theka la makanda otere amafa asanakwanitse zaka ziwiri.

Otsala ndiwo anasenza katundu. Ca m'ma 2005 ana amene anataya mai, kapena bambo, kapena onse awiri cifukwa ca Edzi, anali ngati theka la miliyoni. Pamenepa sindifunika buku, cifukwa ine ndine mmodzi wa iwo. Bambo anga anamwalira m'caka ca 2003, ine ndiri ndi zaka zinai. Agogo anga akucikazi anaika ana ao atatu m'zaka zocepa, pamodzi ndi atsibweni anga amene anali mwini mbumba, ndipo anatsala ndi adzukulu asanu ndi awiri pa mphika umodzi. Iwo amene anayenera kupumula ndi kudyetsedwa anayambanso kubereka mwana kumsana ndi kupita ku ganyu. Mbumba ikasowa mwini, mlandu wa munda usowa wouimira, ukwati usowa nkhoswe, ndipo katundu wa ana amasiye amatengedwa ndi amene ali ndi mphamvu. Msuweni wanga wamkuru analeka sukulu mu Standard 6 kuti alere ang'ono ace, ndipo anakwatiwa msanga. Iye alibe kacirombo ndipo sanalembedwe m'buku lija, koma Edzi inamulanda sukulu.

Njala ya caka ca 2002 inapeza midzi iri comweco. Munda umene mwini wace ali gone, mkazi alikudwazika, ndipo anansi ali ku maliro katatu pa sabata, supaliridwa pa nthawi yace. Mbuzi ndi njinga zinagulitsidwa kuti apeze ndarama za mankhwala ndi za bokosi, ndipo njala itafika kunalibenso cogulitsa. Boma nalo linataya anthu ace: mphunzitsi kapena namwino amene anaphunzitsidwa zaka zambiri anali kugwira nchito zaka zowerengeka, basi, ndipo mpando wace unali kukhala wopanda munthu.

Ena anaopa kuti mtundu utha. Sunathe. Kalembera wa caka ca 1987 anapeza anthu pafupi 8 miliyoni. Wa 1998 anapeza 9.9 miliyoni; wa 2008 anapeza 13.1 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza 17.6 miliyoni. Ndi zoona kuti pakati pa 1987 ndi 1998 kucurukako kunafooka, koma si Edzi yokha imene inacititsa, pakuti m'zaka zomwezo abale athu a ku Mozambique amene anathawira kuno nkhondo anabwerera kwao. Ngakhale pa nthawi yoipitsitsa, obadwa anali ambiri koposa akufa. Cotero bala la Edzi silioneka pa ciwerengero ca dziko lonse. Limaoneka mukayang'ana misinkhu ya anthu. Tayang'anani pa bwalo pano. Ana ndi acinyamata ndi ambiri, koma awerengeni a zaka za m'ma 50 ndi 60, amene lero akadakhala nduna, ankhoswe ndi anamkungwi, ndipo kumbukirani anzao amene anabvinidwa nao pamodzi.

Tsopano ndinene m'mene dzanja lofafaniza linagwidwira. M'caka ca 2001 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwala a ARV ku Chiradzulu, pa nthawi imene ambiri anali kunena kuti mankhwala otere sangatheke ku midzi ya mu Africa. M'caka comweco Boma linakhazikitsa bungwe la National AIDS Commission. M'caka ca 2004, ndi cithandizo ca ndarama za Global Fund, Boma linayamba kupereka mankhwalawa kwaulere m'zipatala zace, ndipo m'caka comweco Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mbale wace anamwalira ndi Edzi, mau amene kale sakadaturuka pakamwa pa munthu wamkuru. Zipatso zace sizinacedwe. Ku Karonga kuja, malo operekera mankhwala atatsegulidwa m'caka ca 2005, panangopita miyezi 8 ndipo imfa za akuru akuru okhala kufupi ndi mseu waukuru zinacepa ndi gawo limodzi la magawo atatu. Okhala kutali ndi mseu sanapindule msanga comweco, ndipo cimeneci cinaphunzitsa Boma kuti mankhwala afunika kufika ku zipatala zazing'ono za ku midzi.

M'caka ca 2011 dziko lathu linacita cinthu cimene maiko ena anali asanacite. Linalamula kuti mai ali yense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kacirombo ayambe mankhwala pomwepo, ngakhale sanadwale, ndipo amwe moyo wace wonse. Pambuyo pace maiko ambiri anatsata njira yomweyo. Popanda cithandizo, pa ana 100 obadwa kwa amai a kacirombo, 15 mpaka 45 amakatenga, m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Koma mai akamamwa mankhwala mokhulupirika, otenga safika 5. Kuyambira caka ca 2016 munthu ali yense wopezeka ndi kacirombo amayamba mankhwala osadikira kuti afooke, ndipo kwa ambiri mankhwalawo ndi mbulu umodzi pa tsiku. Nchito yace ndi kuletsa kacirombo kuswana m'magazi. Kakaleka kuswana, mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda imabwerera, ndipo kakacepa kufikira posaoneka popima, munthuyo sapatsira mkazi wace kapena mwamuna wace. Cotero mankhwala amodzi omwewo amagwira manja onse awiri, lofafaniza ndi lolemba lomwe.

M'zaka zaposacedwazi akufa ndi Edzi pa caka safika 15,000, pamene kale anaposa 60,000. Otenga kacirombo kwatsopano, amene m'caka ca 2010 anaposa 50,000, tsopano safika 20,000 pa caka. Zaka zimene mwana angayembekeze kukhala ndi moyo zapitirira 60. Ndipo popeza anthu m'dziko acuruka pamene maina m'buku aima pamodzi modzi, gawo la okhala ndi kacirombo latsika: pa anthu 100 a zaka 15 mpaka 49, anali 12 m'caka ca 2004, anali pafupi 11 m'caka ca 2010, ndipo pofika 2016 anali pafupi 9.

Mphunzitsi uja ndinakamuyankha comweci, ndipo ndinaonjezapo mau amene mai anga anandilola kuti ndizinena kuli konse kumene ndipita. Bambo atamwalira, mai naonso anadwala mpaka anthu anayamba kunong'onezana za maliro. M'caka ca 2005 acemwali ao anawakweza pa njinga kupita nao ku cipatala, ndipo anayamba mankhwala. Lero alikulima mtedza, analipira sukulu yanga mpaka Form 4, ndipo alikulera adzukulu. Dzina lao liri m'gulu la miliyoni lija limene mphunzitsi anali kudandaula nalo, ndipo ine sindifuna kuti licokemo. Bambo anga anacepetsa ciwerengeroco ndi munthu mmodzi. Anaphonyana ndi mankhwala aulere ndi caka cimodzi cokha.

Koma ndikaleka pamenepa ndikhala nditakunamizani, cifukwa 20,000 kapena 15,000 si anthu ocepa, ndipo matendawa sanagawike mofanana. Kafukufuku wa Boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa anthu 100 a zaka 15 mpaka 49, okhala ndi kacirombo anali pafupi 13 Kumwera, pafupi 6 m'Cigawo ca Pakati, ndi 5 Kumpoto. M'matauni anali pafupi 15, ku midzi 7. Koma wa ku mudzi asayese ciwerengero cimeneci cithumwa, pakuti m'dera lomwelo pa doko la asodzi, pa msika wa m'mbali mwa mseu ndi pa esiteti pangathe kukhala posiyana kwambiri ndi mudzi wa kuseri kwa phiri. Cina cimene casintha ndi msinkhu. Popeza anthu alikukhala moyo, ambiri okhala ndi kacirombo tsopano ndi a zaka za m'ma 40 ndi 50, ndipo tiyamba kuona cinthu cimene kale kunalibe, ndico agogo a imvi opita kukalandira ma ARV.

Kusiyana kumene ndifuna kuti ticedwepo ndi kwa akazi ndi amuna. Pa kafukufuku yemweyo akazi anali pafupi 11 pa 100, amuna 6. Pakati pa acinyamata a zaka 15 mpaka 24, atsikana opezeka ndi kacirombo amaposa anyamata kawiri kapena kupitirira. Tsono dzifunseni nokha: ngati anyamata a msinkhu wao ali nako ocepa, atsikanawa alikukatenga kwa yani? Ambiri alikukatenga kwa amuna akuru, okhala ndi ndarama ya sopo, ya foni ndi ya fizi. Mau amenewa ndi olemera pakamwa pa mwana ngati ine pamaso pa makolo, koma ndatumidwa kuti ndiwanene.

Abambo, pamenepa nkhani yatembenukira kwa ife. M'zaka za 2020 ndi 2021 anthu ofufuza anayenda khomo ndi khomo m'dziko lonse kupima magazi. Anapeza kuti pa anthu 100 okhala ndi kacirombo, 88 anali kudziwa kale, ndipo mwa odziwawo pafupi onse anali pa mankhwala, ndi mwa omwa mankhwalawo pafupi onse kacirombo kanali katagona. Ndiye kuti munthu akangodziwa, zotsalazo zimayenda bwino. Pobvuta ndi pa khomo lolowera. Ndipo pa khomo pamenepo otsalira ambiri ndife: akazi odziwa anali 90 pa 100, amuna 85. Cifukwa cace sicibisika. Mai amapimidwa pa mimba iri yonse ku sikelo, ndipo njira ya ku cipatala anaizolowera cifukwa ca ana. Bambo amapita ku cipatala atanyamulidwa. Ambiri timapimitsa magazi kudzera mwa akazi athu, ndi kunena kuti, "Mai a kunyumba anapezeka ali bwino, ndiye kuti inenso ndiri bwino." Kumeneko ndi kudzinyenga, pakuti mabanja alipo ambiri m'mene mmodzi ali nako ndipo mnzace alibe, ngakhale akhala pamodzi zaka zambiri. Enanso timadalira thupi, kuti popeza ndirikunyamula thumba la cimanga ndekha ndiribe kanthu. Koma akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cotsatira cace ndi cakuti mwamuna amafika ku cipatala mocedwa, cifuwa cacikuru citamugwira kale, ndipo ngakhale amuna okhala ndi kacirombo ndi ocepa poyerekeza ndi akazi, mwamuna amene ali nako ali pa ngozi yaikuru ya kufa koposa mkazi. Ndipo pa zaka zonse zimene sanadziwe, anakhala alikulembetsa maina ena m'buku lija, mwina la mkazi wace amene.

Ndinenenso za ndarama, cifukwa ena mwamva mphekesera. Gawo lalikuru la ndarama zoyendetsera nchito imeneyi lakhala likucokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi ku Boma la America. M'mwezi wa January 2025 Boma la America linaimitsa cithandizo cace ca ku maiko ena kuti liciunikenso, ndipo nchito zina za matendawa zinasokonezeka kuno ndi m'maiko otizungulira. Fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo. Dzina liri lonse latsopano m'buku lija ndi munthu amene adzafuna mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka 40 kapena 50, ndipo sitingalamule thumba la mnzathu kuti lidzakhala lotseguka zaka zonsezo. Amene muli pa mankhwala, musaleke cifukwa ca mphekesera, ndipo musagawane mankhwala kapena kudumphitsa masiku kuti acedwe kutha. Mukakaika kanthu, funsani kwa namwino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Musalekenso cifukwa wina wakupemphererani ndi kunena kuti mwacira. Kacirombo kogona kamadzuka mankhwala akalekeka, ndipo nthawi zina kamadzuka kosamvanso mankhwala omwewo.

Kwa inu mafumu pempho langa ndi ili. Anthu anu amayang'ana mapazi anu koposa pakamwa panu. Mfumu ikapita kukapimitsa magazi masana, nduna ziri pambuyo, amuna a m'mudzi sadzacitanso manyazi. Miyambo ya kulowa kufa, ya fisi ndi ina yotere, mukudziwa kuti lamulo la za HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2018 limailetsa, ndipo lamulo lomwelo limaletsa kusala munthu cifukwa ca kacirombo; koma lamulo liri ku Lilongwe, wolisunga m'mudzi ndinu. Kwa inu aphunzitsi, m'makalasi mwanu muli ana amene anabadwa nako ndipo alikumwa mankhwala. Mwana wotere akapempha kupita ku cipatala pa tsiku lace, mloleni mwa kacetecete, osamfunsa pamaso pa anzace. Ndipo mtsikana akasowa pa sukulu sabata yathunthu, musangolemba kuti wajomba. Tumizani mau kwa makolo ace ndi kwa a Mfumu.

Kupimitsa magazi ndi kwaulere pa cipatala ca Boma. Amabaya kunsonga kwa cala, ndipo yankho limaturuka musanacoke pa mpando, wina ali yense osalimva koma inu ndi wopimayo. Amene mucita manyazi, funsani za zipangizo zodzipimira nokha kunyumba. Komweko mungafunsenso za makondomu, za mdulidwe wa amuna wa ku cipatala, umene umacepetsa ngozi ya mwamuna yotenga kacirombo ndi magawo ngati 6 pa 10 koma osaicotseratu, ndiponso za mankhwala oteteza amene alibe kacirombo koma ali pa ngozi yokatenga. A mlangizi a zaumoyo a dera lino ali nafe pano, ndipo atiuza masiku amene opima amafika kufupi kuno. Iwo akatha, ine ndikhala pansi pa mtengo uwo kufikira dzuwa litapendeka, kuti amene ali ndi funso losati nkufunsa pa gulu adzandipeze.